Chaka Chimene Sindinayankhe Dzina Langa

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ananditumiza ku Lichinga kukayamba kalasi yachinayi. Ndinali wamkulu pa kalasi imeneyo, koma sindinali ndekha. Nkhondo inali itangotha, ndipo ambiri tinayamba sukulu mochedwa. Kwathu ku Meponda sukulu inkathera kalasi yachitatu. Wofuna kupitiriza ankayenera kukwera phiri, kukakhala kwa abale m'tauni.

Sindine munthu wolankhulalankhula. Nkhani iyi ndakhala nayo nthawi yaitali. Ndikuilemba chifukwa sukulu zatsegulidwanso, ndipo m'mawa ndikuona ana akudutsa pakhomo panga okhaokha, popanda wamkulu pambuyo pawo.

M'chilimwe cha chaka cham'mbuyo mwake ndinali nditalowa jando. Za kundagala, kutchire kumene anyamata amasungidwa, sindinena, chifukwa sizinenedwa. Ndinena chimodzi chimene aliyense amadziwa: wotuluka kumeneko amatuluka ndi dzina latsopano. Ine anandipatsa lakuti Rashidi. Tsiku lotuluka anakanga, mkulu amene ankatilangiza, anatiimika pamzere. Anati mwana uja amayi ako ankamuitana wafa, takwirira konkuno. Wokuitana dzina lake wakutukwana. Ukayankha wadzitukwana wekha, ndipo wadzutsa wakufayo. Ankalankhula akutiyang'ana m'maso mmodzimmodzi. Ine ndinamva ndipo ndinasunga.

Dzina lakalelo sindililemba pano.

Kumudzi silinavute. Amayi omwe anasiya kulitchula tsiku lomwelo. Aphunzitsi a ku Meponda poitana ana m'mawa ankaitana manambala, monga ankachitira aphunzitsi ambiri. Nambala yakuti, iwe n'kuyankha kuti purezenti, kutanthauza kuti ndilipo. Zinkathera pomwepo.

Ku Lichinga ndinafikira ku Namacula, kwa amjomba anga a Saidi, mlongo wawo wa amayi. Ankagula usipa wouma kunyanja n'kumagulitsa pamsika m'tauni. Ndiwo anakandilembetsa sukulu ine ndisanakwere, ndi chikalata changa chobadwira, cholembedwa ndili khanda.

Tsiku loyamba kunacha ndi nkhungu. Ku Lichinga kumazizira ngakhale m'dzinja, ndipo ine wobadwira kotentha mano ankangogundana. Amjomba anandiveka jekete lawo lakale, lonunkha usipa, manja ake ofika m'mawondo. Iwo anali pachangu, lole yopita kunyanja sinkadikira munthu. Anandiimika pamsewu n'kuloza ndi chibwano.

"Ukuwaona ana awo? Atsate. Ndiwe mwamuna tsopano, sufuna woperekeza."

Ndinawatsata, matope ofiira akumata kumapazi.

M'kalasi tinali thithithi. Mabenchi anali ochepa, kutsogolo kokha. Ena tonse tinkakhala pansi, wina pa njerwa, wina pa chitini chimene wabwera nacho. Mawindo analibe magalasi, nkhungu inkangolowa. Ndinapeza njerwa kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi mnyamata wamasaya akuluakulu, dzina lake Benedito. Kwawo kunali ku Chimbonila, amayi ake ankagulitsa mbatatesi pamsika. Ananunkhiza jekete langa n'kutseka mphuno.

"Iwe usipa, wauma liti?"

"Khala chete, mbatatesi."

Chinzathu chinayamba chonchi.

Aphunzitsi athu anali a pulofesora Amelia. Anali mtsikana ndithu, wochokera kumwera kutali, ndipo imeneyi inali ntchito yawo yoyamba. Chinyanja sankadziwa, Chiyao ngakhale moni. Ankavala majuzi awiri, zala atabisa m'manja mwa juzi. Analankhula nthawi yaitali m'Chipwitikizi akumwetulira. Changa chinali chochepa, ndiye Benedito ankandimasulira monong'ona.

"Akuti sife mbuzi kuti azitiwerenga manambala. Akuti aziitana aliyense ndi dzina lake, kuti atidziwe, kuti nafenso tizolowere msanga."

Anayamba kuitana. Ana ankayankha mmodzimmodzi, ena mokuwa, ena ngati akutafuna. Kenako dzina lakale lija linatuluka. Analitchula mokhota pang'ono, monga mlendo, koma linali lomwelo. Ndinali ndisanalimve chitulukire kundagala. Ndinagwira njerwa ndi manja onse awiri, maso pansi. Analibwereza, akuyang'ana uku ndi uku.

"Falita," anatero, ndiye kuti sanabwere. Analemba, n'kupitiriza.

Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi. Ndinkafika molawirira, kusesa nawo bwalo, kuimba nawo nyimbo ya fuko, kukopera zonse za pabolodi. Ikafika nthawi yoitana mayina ndinkauma ngati chitsa mpaka dzinalo lidutse.

A pulofesora sanamuiwale mwana wosabwerayo. Anaona pa mapepala awo kuti ndi wa ku Meponda, ndipo zinawakhudza. Tsiku lina anasuntha ana a pabenchi yakutsogolo, n'kusiya mpata kumapeto kwake, pafupi ndi tebulo lawo.

"Akuti mwana wochokera kutali ndi amayi ake amachita mantha," anatero Benedito. "Akuti akabwera azikhala pomwepo, pafupi ndi iwo. Akuti nawonso ali kutali ndi amayi awo."

Kuyambira pamenepo mpatawo unkakhala wopanda munthu, ana ena atapanikizana pansi. Akaitana dzinalo ankayang'ana potero, kenako kukhomo, n'kunena motsitsa mawu kuti mwina mawa. Ana anayamba kupatchula kuti pamalo pa mzukwa. Wina anati mwanayo anamira m'nyanja. Wina anati ng'ona. Denga linkadontha chapomwepo, ndipo m'mawa pabenchipo pankakhala ponyowa. Atsikana ankati wabwera usiku kuchokera m'madzi, wakhalapo. Palibe ankafuna kupakhudza.

Iwo ankasewera. Ine sindinkaseka. Ndikayang'ana kutsogolo nthawi zina ndinkamuona ndithu, atakhala chondifulatira. Kamwana kowonda khosi, kovala kabudula wong'ambika amene ndinkavala ndisanalowe jando. Sankatembenuka. Ndinkadziwa kuti ndikangotsegula pakamwa atembenuka.

Benedito sanali wopusa. Tikubwerera kunyumba tsiku lina anandigwira jekete.

"Iwe usipa. Mayina onse ali ndi eni ake. Latsala limodzi, ndipo munthu wosayankha watsalanso mmodzi."

"Sindikudziwa zimenezo."

"Ndiye ndiwe yani?"

"Rashidi."

"Rashidi mulibe m'buku."

Ndinamusiya, ndinayenda mwamsanga. Iye anali Mkhristu wosavinidwa, sindikanamuuza kanthu.

M'kalasimo munali anyamata ena amene analowa jando, a m'tauni momwemo. Iwo ankayankha mayina awo akale popanda vuto. Mmodzi wamkulu thupi, Ali, anandipeza kuseri kwa chimbudzi Benedito atamunong'oneza.

"Yankha, chitsiru iwe. Pano ndi pasukulu, si kwa amako."

Ndinalavula pansi. Anakanga anali atatichenjeza kuti ana a m'tauni ndi otayika, amagulitsa mwambo ndi buledi. Ndinkaona kuti mwa onsewo mwamuna ndatsala ndekha. Chimene anamanga wamkulu, mnyamata mnzanga sakanandimasula.

Benedito anayesa njira yake. M'mawa wina dzinalo litatchulidwa, anaika mutu pakati pa mawondo n'kukuwa ndi mawu aang'ono kuti purezenti. A pulofesora analumpha pampando, nkhope ili ngwee. Anafunsa kuti ali kuti, aimirire. Palibe anaimirira. Kalasi yonse inaphulika kuseka, atsikana a kutsogolo akuthawa pabenchi. Nkhope ija inazima. Benedito anagwada panja mpaka nthawi yoweruka. Potuluka ndinamuuza kuti akadzabwerezanso ndidzamugulula mano.

"Ndimakuthandiza, galu iwe," anatero, mawondo ali ofiira ndi matope.

Sanabwerezenso.

Zinaululika pa mayeso oyamba. Ndinalemba bwino, makamaka masamu, ndipo pamwamba pa pepala ndinalemba dzina langa, Rashidi. Pobweza mapepala a pulofesora anatsala ndi limodzi m'manja. Anaitana Rashidi. Kanali koyamba kuti anditchule. Ndinaimirira msangamsanga n'kuyankha mokweza kuti purezenti.

Anandiitanira kutsogolo. Anafufuza m'buku mwawo, osandipeza. Anafunsa kwathu. Ndinati ku Meponda. Pamenepo anasiya bukulo. Anawerama mpaka nkhope yawo inafanana ndi yanga, anandigwira phewa, n'kutchula dzina lija ali chondiyang'ana m'maso. Anafunsa pang'onopang'ono, kuti ndimve, ngati ndinali ineyo. Ndinali nditaima pafupi ndi mpata uja. Ndinkamva fungo la sopo wawo ndi madzi akudontha pabenchi.

Ndinati ayi.

Sindinaname. Mmene ndinkadziwira ine, ameneyo anali atafa. Ndipo mwamuna safotokozera mkazi za kundagala, ngakhale Chipwitikizi changa chikanakwana.

Anafunsanso. Ndinatinso ayi. Anachotsa dzanja paphewa panga pang'onopang'ono.

Ananditengera kwa a diretori, akulu a sukuluyo. Pakhomo la ofesi panali makolo ambiri, obwerera kuchokera kumene anathawira nkhondo, onse akupempha malo a ana awo. A diretori sanadzutse n'komwe mutu. Anati ana olowa m'kalasi mozemba achuluka, ndisabwerenso pokhapokha ndi munthu wamkulu wondisunga.

Wondisungayo kunalibe. Mvula inali itadula msewu wa ku Meponda, amjomba anatsekeredwa kumunsi ndi matumba awo a usipa. Pakhomo panali akazi awo okha, a Fatima, munthu wabwino, koma mkazi. Ndikanayamba bwanji? Ndiye m'mawa uliwonse ndinkavala jekete, kutenga kope, kutsanzika, n'kulowera kunkhalango ya paini kunja kwa tauni.

Kunyanja kulibe mitengo yotero. Pansi pake sipamera kanthu, ndipo mphepo ikamadutsa pamwamba imalira ngati anthu ambiri akunong'onezana. Ndinkakhala pa masamba onyowa, mawondo m'kati mwa jekete. Kuchokera kumeneko ndinkamva akumenya chitsulo cha gudumu la lole chimene chinali belu la sukulu. Ndinkadziwa kuti tsopano afola, tsopano alowa, tsopano akuitana mayina. Ikakwana nthawi ya dzinalo ndinkatseka makutu, ngakhale kuti mawu a munthu sakanafika kumeneko. Belu loweruka likalira ndinkabwerera kunyumba pamodzi ndi ana ena. A Fatima ankandifunsa kuti sukulu ikuyenda bwanji. Ndinkati bwino.

Masabata anapita choncho. Msewu utakonzedwa amjomba anakwera, ndipo tsiku lomwelo pamsika amayi ake a Benedito anawafunsa ngati mphwawo akudwala. Amjomba anabwera kunyumba masana, lamba ali m'manja. Ananditengera kuseri kwa nyumba.

"Lankhula."

Kwa iwo ndikanatha. Anali mwamuna, anadutsa kumene ndinadutsa. Ndinafotokoza zonse, osatchula dzinalo. Ndinkaganiza kuti anditamanda. Anayamba kuseka, mpaka kutsamira khoma. Kenako anandiyang'anitsitsa n'kuona kuti sindikuseka. Kuseka kunatha. Anavalanso lamba uja.

"Kuyambira tsiku loyamba?"

"Inde, mjomba."

"Tiye."

Mu ofesi a diretori anamvetsera, n'kutulutsa mapepala olembetsera. Anafunsa ngati amene analembetsa mwanayo ndi wakuti, n'kutchula dzina limene ndinali ndisanalimvepo. Linali lachibwana, longa la khanda loyamwa. Ndinayang'ana kumbuyo kuti ndione woitanidwayo.

"Ndine," anatero amjomba.

Munthu wandevu, wopemphera kutsogolo mumzikiti. Anayankha ngati amufunsa mtengo wa usipa. Palibe chinachitika. Denga silinagwe, wakufa sanadzuke.

A diretori anali Myao, anamva nkhaniyo amjomba asanamalize kuifotokoza. Anapukusa mutu nthawi yaitali.

"Mukanabwera naye tsiku loyamba, che Saidi. Mawu awiri okha kwa aphunzitsi, basi."

Koma dzinalo linali litafufutidwa kale chifukwa cha kujomba. Malo anali atapatsidwa mwana wina mwa aja a pakhomo, ndipo mapepala anali atapita ku maofesi a maphunziro. Anawaitana a pulofesora Amelia n'kuwafotokozera zimene zikanatheka kufotokozedwa. Anaika dzanja pakamwa. Anapempha, anati mwanayu sanajombe, ndinkamuona tsiku lililonse, pepala lake la masamu ndili nalo. A diretori anati m'buku a pulofesorawo analemba falita ndi dzanja lawo lomwe. Anati ndidzayesenso chaka chamawa.

Potuluka a pulofesora ananditsatira pakhonde. Anali ataphunzirako mawu ochepa a Chinyanja.

"Pepa, Rashidi," anatero.

Ndinatsatira amjomba.

Panjira amjomba ankayenda patsogolo, ine pambuyo. Tili pafupi kufika ndinafunsa.

"Mjomba, inu mumayankha?"

"Tonse timayankha. Kuchipatala, kupolisi, kulikonse kwa boma. Anakanga ako omwe amayankha. Zija amanenera kumudzi."

"Bwanji simunandiuze?"

Anaima, osatembenuka.

"Ndimayesa ukudziwa."

Chaka chamawacho sichinabwere. Ndinatsika kunyanja kukadikira, bambo anandiika m'bwato, ndipo manja anga anayamba kubweretsa chakudya pakhomo. Amjomba ankatha kusunga mwana mmodzi yekha. Sukulu zitatsegulidwanso anakwera mng'ono wanga. Ameneyo amjomba anamuperekeza mpaka pakhomo la kalasi, lole inawasiya tsiku limenelo. Anaphunzira mpaka patali, lero amagwira ntchito ya muofesi ku Cuamba. Sindimuchitira nsanje. Ine kalasi yachisanu ndinadzamaliza ndili ndi ndevu, kusukulu ya akuluakulu.

Benedito ndinakumana naye patapita zaka, akukweza matumba a mbatatesi. Anandiuza kuti nditachoka a pulofesora anabwerera ku manambala. Mpata uja anakhalapo mwana watsopanoyo, ndipo ankalira, chifukwa anzake ankamuuza kuti wakhalira mzukwa. Chaka chitatha a pulofesora anapempha kusamutsidwa.

Ndaganizira nkhaniyi m'bwato, ndaiganizira pa njinga yamoto imene ndimakwezera nsomba masiku ano. Ndafunafuna woipa, sindinamupeze. Anakanga ananena za mwambo wawo. A pulofesora ankafuna kuti tizolowere. Amjomba ankandiyesa wamkulu. Aliyense anachita zabwino za kumbali kwake, ndipo panalibe amene anayenda nane kuchoka mbali iyi kufika mbali inayo. Mwana akamalowa malo atsopano amanyamula malamulo a kwawo, ndipo amawagwira molimba kuposa akulu amene anamupatsa, chifukwa sanaonepo pamene akuluwo amawamasula. Aphunzitsi sangawaone malamulowo. Mwanayo sangawanene. Yunifolomu ndi makope timakumbukira kugula. Kukhala naye pansi n'kumufunsa chimene akuopa, ndi kumuuza zimene ife timayesa kuti aliyense amadziwa, timaiwala.

Chaka chino mlongo wanga wanditumizira mwana wake kuchokera ku Meponda kubwera kuno ku Lichinga, kumene ndimakhala tsopano. Watuluka kundagala posachedwa, amayenda chifuwa patsogolo, salankhula ndi akazi. Sukulu isanatsegulidwe ndinamutengera kuseri kwa nyumba, tili awiri.

"Kusukulu akakuitana dzina lakale. Ukayankhe."

Anandiyang'ana ngati ndamumenya.

"Anakanga anati..."

"Ndikudziwa zimene ananena. Ndinadutsa komweko iwe usanabadwe. Ndikukumasula ine, mjomba wako. Likakhala tchimo, ndi langa."

M'mawa mwake sindinapite kunyanja. Ndinayenda naye, ndinapatsa moni aphunzitsi ake, ndinawauza dzina limene timamuitana kunyumba ndi limene lili pa pepala. Anati amva. Sindinachoke. Ndinaima panja pafupi ndi windo, pamene mwanayo sakanandiona, mvula yawaziwazi ikundinyowetsa. Mlonda anandifunsa ngati ndikudikira wina. Ndinati inde.

Anayamba kuitana mayina. Litafika lake, m'kalasi munakhala zii. Manja anga anagwira khoma okha. Aphunzitsi sanafulumire, anadikira. Kenako ndinamva mawu aang'ono, osasa, ochokera kumbuyo kwenikweni, akuti purezenti.

Ndinakhalabe pamenepo mpaka mayina onse anatha.